Ndowa ndi yomweyo, koma akuyeza ndani?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina, mphunzitsi amene anapuma ntchito, yemwe anatenga gawo la ndalama zake za penshoni n'kugula masheya pa msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange. Anaona m'nyuzipepala tsamba lathunthu la zotsatira za kampani yawo za miyezi isanu ndi umodzi, phindu litakwera bwino. Koma pamwamba panalembedwa kuti "unaudited", ndipo pansi penipeni, m'zilembo zazing'ono, panali chiganizo chonena kuti ndondomeko zowerengetsera chuma zomwe zagwiritsidwa ntchito ndi zomwezo za mu lipoti la chaka chatha. Funso lawo linali lalifupi: chiganizo chimenechi chikutanthauzanji, ndipo kodi ndiwonjezere masheya?

Mayi, kalata yanu ndinaiwerenga katatu. Yandikumbutsa usiku wina wa mu Julayi umene mpaka lero sunachoke m'mutu mwanga.

Nthawi imeneyo ndinali akauntanti wamng'ono pa kampani ina yogulitsa katundu m'tauni ya Blantyre, yomwe sinditchula dzina. Tinali nthambi ya gulu lalikulu, choncho manambala athu ankapita kulikulu kukaphatikizidwa ndi a makampani anzathu. Chaka chathu chinkatha mu Disembala, ndiye mabuku a theka la chaka tinkatseka pa 30 Juni. Kunja kunali chiperoni, magetsi atazima, jenereta ikulira kuseri kwa ofesi, ndipo tiyi amene anatiphikira alonda anali atazizira kale. Patebulo panga panali mndandanda wa anthu amene anatenga katundu pa ngongole. Mmodzi mwa iwo anali ndi ngongole yaikulu kuposa onse, ndipo panali patatha miyezi isanu asanapereke ngakhale tambala. Ine ndinali nditapitako ndekha ku Limbe masiku angapo m'mbuyomo. Ndinapeza chitseko chachitsulo chitatsitsidwa, maloko awiri, fumbi litadzaza pakhonde, ndipo mnyamata wogulitsa mayunitsi pafupi pomwepo anandiuza kuti eni ake sanawonekepo kuchokera nthawi ya Isitala.

Ndondomeko yathu inali yomveka bwino, yolembedwa m'buku: ngongole imene pali umboni woti sidzabwezedwa, tiivomereze ngati chitayiko. Ndinalemba choncho. Bwana wanga atabwera kudzaona pa kompyuta anangoyang'ana nambalayo kwa kanthawi, kenako n'kunena motsitsa mawu kuti, "Achimwene, munthuyu ndimamudziwa, alipira. Izi tidzaziona mu Disembala maodita akabwera." Maodita ndi akatswiri ochokera kunja kwa kampani odzafufuza mabuku a chuma. Ndinayesa kuwafotokozera za maloko aja. Anandigwira paphewa n'kunena kuti kulikulu akudikira manambala m'mawa.

Ndinafufuta. Ndinali ndi mwana wakhanda kunyumba ndiponso lendi ya kwa eni. Phindu la theka la chaka linatuluka lokongola, ndipo pansi pa fomu yopita kulikulu ndinachonga kabokosi kotsimikiza kuti ndondomeko sizinasinthe. Chimene chimandipweteka n'chakuti kabokosi kaja sikananame. Ndondomeko inali yomweyo ya chaka chatha, palibe anasinthako liwu ndi limodzi lomwe. Chinasintha ndi mmene munthu mmodzi anaganizira za ngongole imodzi. Mu Disembala maodita anafika, anafunsa funso lomwelo, ndipo chitayiko chonse chinagwera m'theka lachiwiri. Wina aliyense amene anadalira manambala a mu Juni anaona chithunzi chimene ine ndinkadziwa kuti si choona. Ndinachoka pa kampaniyo chaka chotsatira, ndipo kuyambira pamenepo sindiwerenga lipoti la pakati pa chaka mopepuka.

Inu amene munakulira kumudzi mukuidziwa ndowa ya mavenda ogula chimanga. Mukagwirizana kuti muyeso ndi ndowa iyi, mwachita bwino, chifukwa palibe adzabwere ndi ndowa ina mawa. Koma pali kudzaza kosefukira, pali kudzaza kolekezera m'milomo, pali kugwedeza kuti chikhazikike, pali kusagwedeza. Chiganizo chimene chakudabwitsanicho chikungolonjeza kuti ndowa sinasinthidwe. Za dzanja loyeza sichinenapo kanthu.

Musandimve molakwa, lonjezolo ndi lofunika, ndipo silinangobwera mwangozi. Likuchokera m'lamulo la akauntanti lotchedwa IAS 34, limene linayamba kugwira ntchito mu 1999, ndipo makampani a pa msika wathu wa masheya amatsata malamulo a padziko lonse owerengetsera chuma otchedwa IFRS, omwe IAS 34 ndi gawo lake. Lamuloli limati kampani ikamalemba lipoti la pakati pa chaka igwiritse ntchito ndondomeko zomwezo za lipoti lake la pachaka, ndipo inene poyera kuti yatero. Ngati yasintha china, inene chimene yasintha komanso mmene kusinthako kwakhudzira manambala. Popanda lamuloli kampani ikanatha kuwerengera mtengo wa katundu wa m'nyumba yosungiramo mwanjira ina mu Juni, mwanjira inanso mu Disembala, ndipo inu simukanatha kuyerekeza chilichonse.

Nthawi zina ndondomeko zimasinthadi chifukwa lamulo latsopano lafika. Mu 2018 inabwera IFRS 9, imene inakakamiza mabanki kuyamba kuika padera ndalama za ngongole zomwe akuyembekezera kuti sizidzabwezedwa, osadikira kuti wobwereka ayambe walephera kaye. Mu 2019 inabwera IFRS 16, ndipo nyumba ndi malo zimene kampani ikuchita lendi kwa nthawi yaitali zinayamba kuoneka m'mabuku ngati katundu komanso ngati ngongole. Mu Januwale 2023 makampani a inshuwalansi anayamba kutsata lamulo lawo latsopano, IFRS 17. Kusintha kwa mtundu umenewu kumayamba kuonekera mu lipoti la theka la chaka, chifukwa ndilo loyamba kutuluka lamulo likayamba kugwira ntchito. Koma kusintha kotere sikumandidetsa nkhawa kwenikweni. Kumalengezedwa, aliyense amakudziwa, ndipo nthawi zina manambala a chaka chatha amakonzedwanso kuti ayezedwe ndi ndowa yatsopanoyo.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi zongoyerekeza. Malamulo amasiyanitsa zinthu ziwiri: kusintha ndondomeko ndi kusintha kuyerekeza. Ukasintha ndondomeko umabwerera m'mbuyo kukakonza manambala akale, ndipo aliyense amaona kuti wagwirapo. Ukasintha kuyerekeza umangopitirira kutsogolo. Makina amene chaka chatha munkati agwira ntchito zaka zisanu, chaka chino mukati agwira zaka zisanu ndi zitatu, ndalama imene mumachotsa pa phindu chifukwa cha kutha kwa makinawo imatsika, phindu n'kukwera, chiganizo cha pansi chija n'kukhalabe choona. Lamulo limafuna kuti kusintha kwakukulu kwa mtundu umenewu kufotokozedwe, inde. Koma amene amagamula kuti n'kwakukulu kapena n'kwakung'ono ndi anthu omwewo amene akufuna manambala aoneke bwino. Ndipo IAS 34 yeniyeniyo imavomereza kuti lipoti la pakati pa chaka limadalira kwambiri kuyerekeza kuposa la pachaka. Makampani ambiri sawerenga katundu yense mmodzimmodzi mu Juni. Ambiri saitana akatswiri odzaona mtengo wa nyumba zawo kawiri pachaka. Msonkho nawo ndi woyerekeza: amaganizira kuti pakutha pa chaka chonse adzalipira gawo lanji la phindu, n'kugwiritsa ntchito gawo limenelo pa phindu la miyezi isanu ndi umodzi.

Apa ndilankhule mosabisa. Ine ndimaona kuti si chilungamo kuti kampani itenge ndalama za aphunzitsi, anamwino ndi alimi, kenako n'kuwapatsa tsamba limodzi la manambala othithikana, m'Chingerezi cha akauntanti, zofotokozera zake zili m'zilembo zimene munthu wa zaka 60 sangawerenge popanda magalasi. Msika wathu wa masheya unayamba ndi kampani imodzi, NICO, mu 1996, ndipo kwa zaka zambiri ogula anali mabungwe akuluakulu okhala ndi akatswiri awo. Koma pamene TNM inalowa mu 2008, kenako Airtel Malawi ndi FDH Bank mu 2020, anthu wamba ambiri anayamba kugula. Eni ake a makampaniwa tsopano ndi anthu ngati inu, mayi. Kodi chingavute n'chiyani kulemba ndime ziwiri m'Chichewa ndi m'Chitumbuka zofotokoza kuti phindu lakwera chifukwa chakuti, ndipo manambala awa ndi awa ndi ongoyerekeza? Ndalama zolipirira tsamba lathunthu zilipo. Chimene chikusowa ndi mtima woganizira mwini kampani wamng'ono.

Nkhani ya nyengo

Pali chinanso chimene chimasokoneza anthu, ndipo apa palibe chinyengo cha munthu aliyense. Theka la chaka si theka la phindu la chaka. Tengani Illovo Sugar Malawi. Chaka chawo chimatha pa 31 Ogasiti, choncho theka loyamba limayambira Sepitembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale. Ku Nchalo ndi ku Dwangwa nzimbe zimadulidwa ndi kugayidwa m'nyengo yopanda mvula, ndipo m'dzinja mafakitale amaima kuti makina akonzedwe. Ndiye miyezi isanu ndi umodzi yoyambayo si yofanana ndi yotsatirayo. Komanso nzimbe zimene zikadali m'munda zimapatsidwa mtengo m'mabuku, ndipo mtengowo ukasintha phindu limasinthanso ngakhale shuga wake asanagulitsidwe. Mtengo umenewo umadalira kuyerekeza kuti mundawo udzatulutsa zochuluka bwanji komanso kuti shuga adzagulidwa pa mtengo wanji. N'chifukwa chake lamulo limati phindu la theka la chaka liyerekezedwe ndi theka lomwelo la chaka chatha, Febuluwale ndi Febuluwale mnzake, ndipo limaletsa kampani kusuntha ndalama za nyengo ina kupititsa ku nyengo ina pofuna kuti manambala asalale. Munthu amene amatenga phindu la miyezi isanu ndi umodzi n'kuchulukitsa kawiri akudzinamiza yekha.

Chimodzimodzinso makampani amene chuma chawo ndi masheya a makampani ena, monga NITL, kapena nyumba, monga MPICO ndi ICON Properties. Gawo la phindu lawo limachokera pa kukwera kwa mtengo wa zinthu zimene ali nazo. Ndi phindu lovomerezeka m'malamulo, koma si ndalama imene yalowa mu akaunti ku banki, ndipo mitengo ikatsika limabwerera momwe linadzera.

Ndiye pali kwacha. Mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Lamulo limati ngongole ya ndalama zakunja iwerengedwe pa mtengo wa tsiku lotsekera mabuku. Kampani imene inali ndi ngongole ya madola 1 miliyoni, tsiku limodzi inkaoneka kuti ili ndi ngongole ya K1.18 biliyoni, tsiku lotsatira K1.7 biliyoni. Kusiyana kwa K520 miliyoni kumeneko ndi chitayiko, ndipo lipoti la mu Juni chaka chimenecho silikanakuuzani kanthu za icho ngakhale likanalembedwa ndi munthu woona mtima kuposa onse. Ndondomeko zinali zomwezo. Ndinaona anzanga akauntanti akugona mu ofesi sabata imeneyo, ena akulira ndithu, chifukwa ntchito ya chaka chonse inafufutika ndi chilengezo chimodzi. Pamene kampani ina yokhala ndi madola ku banki, kapena yogulitsa katundu kunja, inaoneka ngati yachita zamphamvu pomwe sinagulitse kanthu kowonjezera.

Za mawu akuti "unaudited", sakutanthauza kuti manambalawo ndi abodza. Akutanthauza kuti maodita sanafufuze mozama monga amachitira pakutha pa chaka, pamene amaona malisiti, kulembera makalata anthu amene anatenga ngongole kuti atsimikize ngongole zawo, ndi kuimirira pomwepo katundu akamawerengedwa. Makampani ena amapempha maodita kuti aunikeko chabe lipoti la pakati pa chaka, kufunsa mafunso ndi kuyerekeza manambala, ndipo akatero amalemba kuti "reviewed". Kumeneko n'kwabwinoko, koma si kufufuza kwathunthu. Pa usiku wanga uja wa mu Julayi, odita mmodzi yekha akanakhala kuti akubwera m'mawa mwake, bwana wanga sakanandiuza zimene anandiuza.

Tsono mayi, pa funso lanu loti muwonjezere masheya, ine sindingakuuzeni kuti gulani kapena musagule, popeza kampani yake simunaitchule ndipo zosowa za pakhomo panu mukuzidziwa ndinu. Chitani izi kaye. Pezani lipoti lomaliza la pachaka la kampaniyo, limene maodita anasainira, chifukwa ndondomeko zonse zalembedwa mmenemo ndipo la theka la chaka limangotsamira pa ilo. Pa tsamba la m'nyuzipepala lija, yang'anani gawo loonetsa ndalama zenizeni zimene zalowa kuchokera ku malonda, muone ngati zakwera limodzi ndi phindu. Phindu likakwera koma ndalama zolowa zikatsika, pomwe ngongole za makasitomala zikukula, dikirani. Onani ngati pali mawu akuti "restated", kutanthauza kuti akonzedwanso, pamwamba pa manambala a chaka chatha, ndipo ngati alipo, funsani broker wanu, amene amakugulirani masheya, chifukwa chake. Bwererani zaka ziwiri kapena zitatu m'mbuyo muone ngati phindu la theka loyamba la kampaniyi limagwirizana ndi zimene zimadzatuluka pakutha pa chaka. Ngati chaka chake chimatha mu Disembala, zotsatira zofufuzidwa ndi maodita zimatuluka cha mu Malichi kapena Epulo, ndipo ndalama ya penshoni ikhoza kudikira miyezi imeneyo. Mukapeza lipoti la pachakalo nditumizireni dzina la kampaniyo pa imelo yomweyi, tidzaliwerengere limodzi.