Yankho kwa achimwene ofuna Legacy ya turbo yomwe yayenda makilomita 210,000

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati mwapeza Subaru Legacy Touring Wagon GT ya 2006, ya otomatiki, yayenda makilomita 210,000, mtengo wake ndi wotsika, ndiye mukufunsa ngati mugule kapena muisiye. Ambiri muno angokuyankhani kuti Subaru imamwa mafuta. Imamwadi, koma nkhani siithera pamenepo. Ine ndinayenda ndi galimoto ya mtundu womwewu zaka zinayi, ndinaikonda kwambiri ndipo inandiliza kamodzi, choncho mundilole ndifotokoze motalikirapo.

Nambala ya 210,000 isakuopseni kwambiri, komanso musaikhulupirire msanga. Chomwe chimapha galimoto zimenezi ndi dzanja la amene anali nayo. Injini yomwe inkathiridwa oyilo wabwino pa nthawi yake ikhoza kukhala yamoyo kuposa ina yosonyeza 90,000 koma yozunzidwa. Ndipo tonse tikudziwa kuti mita imabwezedwa. Ngati mwini wake anasunga mapepala omwe galimotoyo inabwera nawo kuchokera ku Japan, pemphani export certificate. Pa pepala limeneli pamalembedwa makilomita omwe galimoto inali nawo pomwe inkayezedwa ndi boma kumeneko, pa ndondomeko yomwe amaitcha shaken, yochitika pakatha zaka zitatu galimoto ili yatsopano, kenako zaka ziwiri zilizonse. Zaka amazilemba mwa kuwerenga kwawo: Heisei 18 ndiye 2006. Mukaona kuti inachoka ku Japan ili kale pa 150,000, kenako yakhala kuno zaka zisanu ndi zitatu n'kungowonjezera 60,000, funsani mafunso. Onaninso chiwongolero, mapedo ndi mpando wa dalaivala, chifukwa zimenezi sizinama. Nambala ya chasisi iyambe ndi BP5 ndipo ifanane ndi ya pa blue book.

Tsopano nkhani ya timing belt, lamba woyendetsa mavalavu mogwirizana ndi mapisitoni, yomwe kwa ine ndiye yaikulu. Injini ya galimotoyi, ya EJ20, imayendera lamba, osati tcheni, ndipo lambayo amasinthidwa pa makilomita 100,000 aliwonse. Pa 210,000 ayenera kuti anasinthidwa kawiri. A ku Japan amakonda kumata kasitika mu injini kosonyeza tsiku ndi makilomita omwe anasinthira, koma kasitikako kakuuzani za kusintha koyamba kokha. Kwachiwiri kunayenera kuchitikira kuno kwathu, ndipo apa ndi pomwe ambiri amanyozera. Wogulitsa akangoti "ndinasintha" popanda lisiti, inu werengerani kuti sanasinthe. Lamba ameneyu akaduka injini ikuyenda, mavalavu amagundana ndi mapisitoni, injini n'kuthera pomwepo. Posintha musasinthe lamba yekha. Tensioner (chida chokungitsa lamba), timagudumu tonse tomwe lamba amadutsapo ndi water pump zipite limodzi, chifukwa kagudumu kamodzi kakagwira, lamba watsopanoyo amadukabe.

Ine chinandiliza ndi turbo, chida chokankhira mpweya wochuluka mu injini kuti ikhale ndi mphamvu, ndipo ndikufuna mumve bwino chifukwa ndi kanthu kakang'ono. Pa paipi yopititsa oyilo ku turbo pali bawuti yoboola pakati yomwe amakaniko amati banjo bolt, ndipo mkati mwake muli kasefa kochepa kwambiri. Oyilo akamachedwa kusinthidwa, litsiro limatseka kasefako, turbo n'kumazungulira youma. Yanga inayamba kulira ngati wenzulo ndikukwera mtunda wa ku Dedza, kumbuyo utsi wabuluu uli tolotolo. Makaniko yemwe ankandisinthira oyilo zaka zonsezo sankadziwa n'komwe kuti kasefako kaliko. Sindimuda, anazolowera ma Corolla ndi ma Sienta. Koma ndalama yomwe ndinalipira pa turbo ina, kuphatikiza kutsuka mapaipi ndi sampu kuti tizitsulo tisatsalire, inandipweteka miyezi ingapo. Mukagula, tsiku loyamba lomwelo kasefako kaonedwe, ndipo oyilo wa synthetic muzisintha pa makilomita 5,000, osadikira kupitirira apo.

Popita kukaiona, muuzeni mwini wake asailize m'mawa umenewo. Mufike, mugwire injini ndi dzanja mutsimikize kuti ndi yozizira, kenako muilize nokha mawindo ali otsegula. Kugogoda kolemera kochokera pansi pa injini, komwe kumakula mukaponda mafuta, ndi mabering'i a crankshaft. Mukamva kumeneko tsanzikani, ngakhale atsitse mtengo ndi theka. Tsegulani chotsekera oyilo muone ngati mkati muli phala lakuda kapena loyererako. Mukabwerako koiyesa, suzumirani mu kabotolo ka madzi a rediyeta ngati mukutuluka thovu, ndipo muzionetsetsa singano ya kutentha ulendo wonse. Fungo la oyilo wopsa injini ikatentha nthawi zambiri ndi magasiketi a valve cover omwe akudonthezera pa ekizozi. Limenelo ndi vuto lokonzeka, lingokuthandizani ponenerera mtengo. Dashibodi yomata kapena yong'aluka ndi matenda a mtundu wonsewu, isakudetseni nkhawa.

Musaiyese pozungulira malo ogulitsira okha. Itengereni pa msewu wautali, muiponde mpaka turbo itsegule, mumve ngati ikukoka mosadukiza. Giyabokosi ya magiya asanu ija isinthe mofewa, isamenye. Kenako pezani bwalo, pindani chiwongolero mpaka kumapeto, muzungulire pang'onopang'ono. Ikamadumphadumpha ngati ikukana, vuto lili pa zida zogawa mphamvu ku matayala anayi.

Zimenezi zikundifikitsa pa matayala, pomwe ambiri kuno amaiwonongera galimotoyi osadziwa. Legacy imakoka ndi matayala onse anayi nthawi zonse. Anayiwo ayenera kukhala a saizi imodzi, ndipo akhale otha mofanana. Chizolowezi chathu chogula tayala limodzi la kaunjika lina likaphulika, pa galimoto iyi n'chowononga, chifukwa tayala lalikulu pang'ono limazungulira mosiyana ndi anzake ndipo giyabokosi ndi yomwe imavutika. Mukapeza ili ndi matayala anayi a mitundu inayi, mwadziwa kale mmene mwini wake ankaisamalira. Ikafa pa msewu, isakokedwe matayala awiri ali pansi, ikwezedwe yonse pa lole. GT imavala matayala a 215/45R17, mtundu wake wina wa spec.B umavala a mainchesi 18, ndipo matayala opyapyala chonchi sagwirizana ndi maenje a pa M1 nthawi ya dzinja. Ine ndinapinditsa marimu awiri. Galimotoyi ndi yotsikanso, mahampu ena imakhula mimba. Ngati kumudzi kwanu msewu ndi wafumbi wokumbika ndi madzi ndipo mumapitako mwezi ndi mwezi, ganizirani Outback ya zaka zomwezo. Thupi n'lofanana, katundu imanyamula chimodzimodzi, koma ndi yokwera.

Za mafuta ndinene zoona. Yanga inkayenda makilomita 8 pa lita mu tauni, 10 kapena 11 pa ulendo wautali ndikamaponda mwaulemu. Thanki yake ndi ya malita 64, ndiye werengerani nokha pa mtengo wa lero. Chinanso, ku Japan galimoto iyi inapangidwira petulo wa octane yokwera, pomwe ife pa pampu timapeza mtundu umodzi. Imayenda ndithu, koma musamaikakamize dzuwa likuswa mtengo, yodzaza anthu ndi katundu pa mtunda. Ndipo mafuta akasowa, a m'zigubu a m'mbali mwa msewu musawayandikize. Galimoto wamba ikhoza kupirira petulo wosakaniza, injini ya turbo imabowoka pisitoni.

Mwina mukuona ngati ndikukuletsani. Ayi. Ndi galimoto zochepa za mtengo umenewu zomwe zimakupatsani mphamvu ya injini ya mahatchi 260, n'kunyamula banja lonse, matumba a chimanga kumbuyo mipando itapindidwa, n'kugwira msewu mvula ikugwa ngati yamatidwa. Ulendo wa Lilongwe kupita ku Mzuzu kudzera ku Chikangawa, mu nkhungu ndi makona aja, sindinayendepo ndi mtima wokhazikika ngati mmene ndinkayendera ndi Legacy. Mpaka lero ndikaiona ikudutsa ndimatembenuka.

Koma ndalama yanu yonse isathere pogula. Ngati muli ndi ndalama yongokwana mtengo womwe akunenawo, achimwene, dikirani kaye. Pafunika ina yapadera yoti mwezi woyamba musinthe timing belt ndi zonse zoyendera limodzi, oyilo wa injini, wa giyabokosi ndi wa madifu, mapulagi omwe pa injini ya Subaru, ya masilinda ogona cham'mbali, amavuta kufikira, mwinanso mabushi ndi mabering'i a matayala akumbuyo omwe pa makilomita amenewa amakhala atayamba kulira. Masipeya ena mudzawapeza kwa ophwasula galimoto, ena mudzadikira kuchokera ku Dar es Salaam, ku Johannesburg kapena ku Japan komweko, galimoto ili pa mawe.

Musanapereke ngakhale ya chikole, pezani makaniko yemwe anatsegulapo Subaru, osati wongomva. Mumufunse za banjo bolt ija. Akakuyang'anani modabwa, fufuzani wina. Mupite naye limodzi kokaiona, aike kompyuta, aikweze alowe pansi aone dzimbiri ndi modontha. Mukabwerako tumizani muno zithunzi za injini, za matayala onse anayi ndi za pepala la ku Japan lija, tidzaonere limodzi.