Funsani Amakaniko: Tinyale ta pa Dashibodi ndi Mabatani a pa Chiwongolero

Magalimoto ambiri m'misewu yathu anabwera ogwiritsidwa kale ntchito kuchokera ku Japan, ndipo kabuku kofotokoza za galimotoyo kamakhala m'Chijapanizi, mwinanso kanasowa kalekale. N'chifukwa chake makalata ambiri mwezi uno akufunsa za tinyale ndi mabatani. Tasankhapo asanu ndi awiri.

Ndagula Toyota Vitz. Ndikatembenuza kiyi tinyale tambiri timayaka kenako n'kuzima, koma kamodzi kabuluu kamatsala kwa mphindi zingapo. Kodi andigulitsa yowonongeka? Mayi wa ku Area 49, Lilongwe

Mtima m'malo, mayi. Kiyi akafika pa ON, galimoto imayatsa dala tinyale tonse tochenjeza kuti muone ngati tikugwira ntchito, ndipo injini ikalira timazima. Kabuluuko, kamene pa magalimoto ena n'kobiriwira, kakunena kuti madzi a mu injini adakali ozizira. Vitz ilibe muvi wosonyeza kutentha, ndiye kanyaleko n'kamene kakugwira ntchito ya muviwo. Yendani mwachifatse, osaponda moto kwambiri, mpaka kazime. Chizindikiro chomwecho chikayaka chofiira ndiye kuti injini yatentha, imani.

Mtundu wa kanyale ndi umene umakuuzani kukula kwa nkhani. Kofiira kakayaka muli paulendo, patukani. Kachikasu, monga kaja kojambula injini, galimoto mutha kufika nayo kunyumba, koma ionane ndi makaniko sabata yomweyo kuti ailumikize ku kompyuta pa soketi ya OBD imene ili kunsi kwa chiwongolero. Kojambula injiniko kakamaphethira, pulagi kapena koyilo ina siyikuwotcha mafuta, ndipo petulo wosapsayo akuwononga catalytic converter, sefa yoyeretsa utsi ya mu paipi yotulutsa utsi. Chepetsani liwiro ndipo musapitirire ulendo wautali.

Amene mukufuna kugula galimoto, imitsani kiyi pa ON musanailize, muyang'ane ka oyilo, ka injini, ka ABS ndi ka airbag. Kamene sikakuyaka n'komwe nkokayikitsa. Alipo ogulitsa ena amene amachotsa babu kapena kumata tepi yakuda kuseri kuti abise vuto.

Kanyale kofiira kooneka ngati ketulo kanayaka ndili pa M1. Anzanga akuti ndingothira oyilo n'kumapita. N'zoona? Bambo wa ku Kasungu

Anzanuwo akulondola theka chabe, ndipo theka linalo ndi limene limanoketsa injini. Kanyaleko sikayeza kuchuluka kwa oyilo. Kamayeza mphamvu imene pampu ikukankhira oyilo kupita ku mabering'i a crankshaft ndi kumutu kwa injini. Mphamvuyo ikatha, chitsulo chimayamba kukhulana ndi chitsulo chinzake, ndipo mphindi zochepa zimakwana kuti injini inoke.

Choncho patukani pamene pali bwino, zimitsani injini pomwepo. Dikirani mphindi zisanu pamalo osapendekeka kuti oyilo atsikire pansi. Sololani kandodo koyezera oyilo, kapukuteni, kabwezereni mpaka kumapeto, kenako kasololeninso. Pali timadontho kapena timizere tiwiri, ndipo pa injini zambiri zing'onozing'ono pakati pa tiwirito pamalowa pafupifupi lita imodzi. Oyilo akakhala kunsi kwa kadontho kam'munsi, thirani theka la lita, muyeze, muwonjezere mpaka afike pafupi ndi kapamwamba, osapitirira. Suzumirani pansi pa galimoto ngati pakudontha. Lizani injini. Kanyale kakazima pamasekondi awiri kapena atatu ndipo palibe phokoso logogoda, yendani pang'onopang'ono mpaka ku garaja.

Koma oyilo akakhala wokwanira kanyale n'kumayakabe, musailizenso, ikokedwe. Mwina sefa ya pampu mu sampu yatsekeka ndi phala la oyilo wokhalitsa, mwina pampu yatha, mwina mabering'i adyeka. Zimathekanso kuti ndi kaswitchi chabe kamene kafa, komatu zimenezo makaniko azitsimikize pomanga geji m'malo mwa kaswitchiko, osati pongoganiza. Kakamaphethira pokhota ngodya pokha, oyilo wachepa ndipo akuthawira mbali imodzi. Kakamaphethira injini itatentha galimoto itaima, kawirikawiri ndi mabering'i otha kapena oyilo wopyapyala kuposa woyenera. Aliyense wokuuzani kuti angozula waya wa kaswitchi kuti kanyale kasiye kukuvutitsani, mulandeni kiyi.

Kanyale ka batire kanayaka, ndinagula batire yatsopano, koma kakuyakabe. Wowerenga wa ku Ndirande

Pepani, ndalama zinapita kolakwika. Kanyaleko kakunena kuti batire siyikulandira moto, ndipo wopereka motowo ndi alternator. Muyezetse ndi mita: injini itazima, batire yabwino imaonetsa ma volt pafupifupi 12.6, italira, pazikhala pakati pa 13.5 ndi 14.5. Pakangokhala 12 kapena kucheperapo, vuto ndi mabulashi, regulator, fyuzi yaikulu kapena lamba wozungulitsa alternator.

Yambani mwatsegula boneti n'kuona lambayo. Pa injini zambiri lamba yemweyo amazungulitsanso pampu ya madzi, moti akaduka kutentha kumatsatira posachedwa. Zikatero imani, ndipo chivundikiro cha rediyeta musachikhudze mpaka patapita theka la ola kapena kuposa, chifukwa madzi ake amakhala atapanikizika ndipo amathovokera kumaso. Ngati lamba ali bwino, zimitsani A/C ndi wailesi, mulunjike ku garaja yapafupi, makamaka kusanade, poti nyale zimamaliza batire msanga.

Atangondikonzera steering rack, hutala inasiya kulira, mabatani a wailesi pa chiwongolero anafa, ndipo ka airbag kakuyaka. Dalaivala wa takisi, Mzuzu

Zitatuzi zikafera limodzi, wolakwa amakhala mmodzi: clock spring, ena amati spiral cable. Kuseri kwa chiwongolero kuli kabokosi kozungulira, ndipo mkati mwake muli waya wopyapyala ngati riboni, wokulungidwa kuti azimasuka ndi kukulungika mukamakhota. Moto wa hutala, wa mabatani ndi wa airbag umadutsa momwemo. Wayayo amalola kuzungulira pafupifupi kasanu basi, kuchokera kumapeto mpaka kumapeto. Pochotsa rack, chiwongolero chikasiyidwa chosamanga n'kupukusidwa, chimabwerera chitasemphana ndi pakati pake, ndipo tsiku loyamba kukhota mpaka kumapeto wayayo amaduka.

Salumikizika, amangosinthidwa. Poika watsopano matayala aloze kutsogolo, kabokosiko kapukusidwe mofatsa mpaka kalimbe, kenako kabwezedwe kawiri ndi theka kapena monga mwalembedwera pamwamba pake, timizere tikumane. Asanakhudze chilichonse achotse waya wa negative pa batire n'kudikira masekondi osachepera 90, ndipo mawaya a mapulagi achikasu asawayeze ndi tesita ya babu, chifukwa airbag itha kuphulikira kumaso kwa munthu. Tikudziwa kuti ena amaika resistor kuti kanyale kazime. Kanyale kamazimadi, koma tsiku la ngozi airbag siituluka, ndipo inu mumanyamula anthu. Ikanakhala hutala yokha, tikanati muyambe mwaona fyuzi.

Ndikabwereka Volkswagen ya achimwene, pofuna kuyatsa indiketa ndimangoyatsa mawaipa. Mtsikana wa ku Zomba

Galimotoyo ili bwinobwino, chemwali. Magalimoto opangidwira msika wa ku Japan amaika kandodo ka indiketa kumanja, ka mawaipa kumanzere, pamene a ku Ulaya monga Volkswagen ndi BMW amaika indiketa kumanzere. Musanachoke, yesani timitengo tonse tiwiri galimoto itaima. Pa Toyota zambiri, nsonga ya kandodo ka indiketa mukaipotokola imayatsa nyale. Mukakakankhira kutsogolo mwayatsa zowala kwambiri ndipo kanyale kena kabuluu kamayaka, choncho zizimitseni mukamakumana ndi anzanu usiku. Pa ka mawaipa, INT ndi ya mvula yowaza, LO ndi HI za mvula yeniyeni, ndipo kukakokera kwa inu kumapopera madzi pa galasi. Indiketa ikayamba kuphethira mothamanga, babu lina mbali imeneyo lapsa.

Ndikaliza galimoto mumamveka mayi akuyankhula Chijapanizi, ndipo wailesi imathera pa 90. Bambo wa ku Mangochi

Mawuwo nthawi zambiri amachokera m'kabokosi ka ETC, kolipirira misewu ku Japan, kamene kamakhala pafupi ndi bondo la dalaivala kapena m'kabati ka kutsogolo. Kakudandaula kuti mulibe khadi. Pa mageti olipirira msewu a pa Chingeni kapena pa Kalinyeke kalibe ntchito, ndiye wa zamagetsi atha kukachotsa, bola amate bwino mawaya otsalawo. Wailesiyo inapangidwira FM ya ku Japan, imene pa mawailesi akale imayambira pa 76 kulekeza pa 90 MHz, pamene kuno masiteshoni ali pakati pa 87.5 ndi 108. Kachipangizo kotchedwa band expander kamaikidwa pa waya wa eriyo. Masiteshoni amamveka, kungoti nambala ya pa galasi siigwirizana ndi yeniyeni.

Kodi O/D OFF, B ndi L pa giya ya otomatiki n'zachiyani? Ndimatsika Thabwa kupita ku Chikwawa ndipo mabuleki amanunkha. Mphunzitsi wa ku Blantyre

Fungolo ndi chenjezo lalikulu, aphunzitsi. Mukamatsika pa D phazi lili pa buleki njira yonse, mapadi amatentha mpaka kusiya kugwira, ndipo mafuta a mabuleki, makamaka okhalitsa amene amwa chinyezi, amawira. Pedulo imafewa n'kumira. Zilembo mwatchulazo zilipo kuti injini ithandize kugwira galimoto. Batani la O/D OFF limaletsa giya yapamwamba, 2 ndi L zimatsekera pa magiya a m'munsi, ndipo pa magalimoto a CVT (mtundu wina wa giya ya otomatiki) ndi a hybrid ntchito imeneyi ndi ya B. Chepetsani liwiro musanayambe kutsetsereka, lowetsani 2 kapena B, ndipo buleki muziponda mwamphamvu pang'ono n'kusiya, osati kungoikhudza kosalekeza. Injini idzalira mokweza, palibe vuto bola muvi wa RPM, wosonyeza kuthamanga kwa injini, usafike pofiira. Musatsike pa N pofuna kupulumutsa mafuta, kaya ndi pa Thabwa, pa Chiweta kapena njira ya ku Golomoti. Mukafika pachidikha dinaninso batanilo kuti kanyale ka O/D OFF kazime, apo ayi mafuta azitha msanga.

Kanyale kofiira ka chizindikiro cha (!) kakayaka handibuleki mutaimasula, onani kabotolo ka mafuta a mabuleki pansi pa boneti. Akatsika pang'onopang'ono, mapadi adyeka. Akatsika tsiku limodzi, paipi kapena silinda ikudontha, ndipo galimotoyo isayende. Powonjezera gwiritsani ntchito mtundu wolembedwa pa chivundikiro, DOT 3 kapena DOT 4, wochokera m'botolo longotsegula kumene, ndipo onse asinthidwe pakatha zaka ziwiri zilizonse.