Kodi mankhwala a m'mapulasitiki amafika kwa mwana ali m'mimba?

Achemwali mwafunsa ngati mankhwala a m'mapulasitiki amakafikadi kwa mwana ali m'mimba, eya amafika. BPA ndi ma phthalates, mankhwala omwe amagwiritsa ntchito popanga mapulasitiki, akhala akupezeka m'magazi a pamchombo komanso mu nsengwa momwe, ndipo mu 2021 madokotala aku Rome anapeza tizidutswa ta pulasitiki mu nsengwa 4 mwa 6 zomwe anayeza.

Ambiri timangoti nsengwa ndi sefa basi, koma imapanganso mahomoni, hCG ija imatulutsa mizere iwiri mukayezetsa mimba, progesterone yomwe imagwiriza mimba kuti isachoke, ndi estrogen. Ndiye vuto la BPA ndiloti amafanana ndi estrogen, selo imamulandira ngati uthenga weniweni pomwe ndi wabodza. Ku labu amatenga maselo a nsengwa otchedwa trophoblast nkuwathira mankhwalawa, ndipo aona kuti mahomoni amasokonekera, maselo ena amafa, ena amalephera kulowerera bwino. Kuloweraku ndiye nkhani yaikulu chifukwa miyezi yoyambirira maselo amenewa amayenera kuboola khoma la chiberekero ndikukulitsa mitsempha kuti magazi azifika okwanira, zikakanika mpomwe pamabwera BP yokwera ya oyembekezera ija kapena mwana kubadwa wochepa sikelo.

Koma musagone ndi mantha ayi. Maselo a m'mbale ya ku labu si munthu, ndipo nthawi zambiri mlingo omwe amathira ku labuko umakhala waukulu kuposa omwe timakumana nawo tsiku ndi tsiku. Amene akukuuzani kuti botolo limodzi lamadzi lichotsa mimba akungokuopsezani. BPA sakhalitsanso mthupi, amatuluka ndi mkodzo, chovuta nchoti timamulowetsanso mawa lake.

Komabe nkhaniyi siyoseka, EU, mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya, inaletsa BPA m'mabotolo a ana mu 2011 ndipo kumapeto kwa 2024 inamuletsanso muzinthu zosungiramo chakudya.

Ine ndikanakhala inu ndikanalimbana ndi moto ndi mafuta, ziwirizi ndizomwe zimasukulutsa mankhwalawa. Chakudya chotentha osaika mu pulasitiki, osatenthetseramo mu microwave, botolo osalisiya padzuwa, za m'zitini chepetsani poti mkati mwake nthawi zina amamatamo BPA, ngakhale timalisiti ta pa till timakhala naye. Zolembedwa kuti BPA free zija musazikhulupirire kwambiri, ena amangoikamo mnzake wotchedwa BPS yemwe khalidwe lake ndilomwelo. Galasi kapena chitsulo ndiye bho, ndipo BP yanu aziyeza ulendo uliwonse mukapita kusikelo.