Akusaina mapepala koma mfuti zikulirabe ku Congo, nanga zokambiranazi ndi zachani?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amawerenga zolemba zangazi, dzina sinditchula. Achimwene awo ndi msilikali ndipo anali nawo m'gulu lija la SADC lomwe linatumizidwa kum'mawa kwa Congo. Funso lawo linali loti, tsiku ndi tsiku timangomva kuti akumana ku Luanda, akumana ku Dar es Salaam, mawa ku Doha, mkuja ku Washington, akugwirana chanza akusaina mapepala koma anthu akufabe, kodi zokambiranazi zili ndi phindu kapena ndi maulendo chabe a akuluakulu?

Achemwali, ndiyambe ndi kupepesa chifukwa cha masiku amene munakhala osagona foni ili m'manja. Kumapeto kwa Januwale 2025 pamene mzinda wa Goma umagwa m'manja mwa M23, gulu loukira boma la Congo lomwe akatswiri a UN amati limathandizidwa ndi Rwanda, asilikali atatu a Malawi ndi 14 a South Africa anatisiya, ndiye munthu amene anali ndi m'bale kumeneko akafunsa funso ngati lanuli ndiyenera kumuyankha modekha komanso mosabisa mawu.

Ine ndikuti phindu lilipo, kungoti si limene ambirife timadikira. Ife timafuna kuti akasaina lero mawa kukhale zii, koma ntchito yoyamba ya anthu oyimira pakatiwa ndi kupsereza m'mbali kuti moto usalumphe kukagwira nyumba za oyandikana nawo, kuzimitsa kumabwera pambuyo ndipo kumatenga zaka. Kuti mumvetse chimene amaopa kumbukirani 1998. Chaka chimenecho nkhondo ya ku Congo inasanduka ya mayiko ambiri, Rwanda, Uganda ndi Burundi mbali ina, Zimbabwe, Angola ndi Namibia mbali ya Laurent Kabila yemwe anali pulezidenti wa Congo, mpaka mu Juni 2000 asilikali a Rwanda ndi a Uganda, omwe analowa ngati abwenzi, anawomberana okhaokha masiku 6 mkati mwa mzinda wa Kisangani anthu wamba ali m'nyumba zawo. Pangano losiya kumenyana linasainidwa ku Lusaka mu Julayi 1999, a Frederick Chiluba ndi amene anavutika nalo, ndipo linaphwanyidwa kambirimbiri moti aliyense akanatha kunena zomwe mukunenazi kuti pepala lachabe. Koma ndi pepala lomwelo lomwe linatsegula njira ya zokambirana za ku Sun City zomwe a Ketumile Masire a ku Botswana anatsogolera, ndi pangano la ku Pretoria la 2002 lomwe linachititsa kuti asilikali a Rwanda atuluke. Kuchokera pa Lusaka kufika pa boma logwirizira la 2003 panadutsa zaka 4.

Tsopano onani mmene zinthu zimayandikirira kuphulika. Goma ndi Gisenyi wa ku Rwanda ndi mizinda yogundana, munthu amawoloka boda wapansi katundu ali pamutu, ndipo bwalo la ndege la Goma lili pafupi kwambiri ndi malire moti ndege ikangokhota molakwika pang'ono yalowa kale kwa eni. Pa 24 Januwale 2023 asilikali a Rwanda anawombera ndege yankhondo ya Congo ya mtundu wa Sukhoi-25, iwo amati yalowa mu mlengalenga mwawo, a Congo amati ayi inali kwawo ikukonzekera kutera. Ndegeyo inatera ndithu ku Goma itawonongeka. Ganizirani tsiku limenelo, woyendetsa akanafa kapena ndegeyo ikanagwera pa msika, kapena mkulu wina wa asilikali akanapsa mtima nkulamula kuti bwezerani pompo. Boma la Congo linanena kuti imeneyi ndi mputa nkhondo, koma mayiko awiriwa sanalengeze nkhondo, ndipo ine ndimakhulupirira kuti china chomwe chinathandiza ndi choti panali kale anthu ngati a João Lourenço, pulezidenti wa Angola, ndi a Uhuru Kenyatta, pulezidenti wakale wa Kenya, omwe anali ndi khomo lolowera mbali zonse ziwiri. Zimenezi sizituluka pa nyuzi chifukwa nkhondo imene yapewedwa ilibe chithunzi.

Koma sindikufuna kukunamizani kuti zonse zimayenda. Ku Luanda anagwirizana zosiya kumenyana kuyambira pa 4 Ogasiti 2024, kenako pa 15 Disembala 2024 pulezidenti wa Congo a Félix Tshisekedi ndi wa Rwanda a Paul Kagame amayenera kukumana komweko koma mitingi inalephereka, a Kagame sanapite chifukwa Rwanda imafuna kuti Congo ilankhule ndi M23 maso ndi maso pamene a Tshisekedi amakana amati sangakhale pa tebulo ndi zigawenga. Pasanathe miyezi iwiri Goma inagwa, mu Febuluwale Bukavu nayo inagwa. Apa ndi pamene mtima wanga umawawa, chifukwa zomwe a Tshisekedi amakana mu Disembala anadzazivomera patatha miyezi yochepa ku Doha, anthu ambirimbiri atafa kale ndipo asilikali a SADC atatsekeredwa m'makampu awo ku Goma ndi ku Sake mpaka SADC inathetsa ntchitoyo pa 13 Malichi 2025. Kukana kulankhula ndi mdani kumamveka kwamphamvu pa wailesi koma amene amalipira ndi ana a anthu ena, achimwene anu ndi anzawo.

Pa 18 Malichi 2025 atsogoleri awiriwa anapezeka atakhala chipinda chimodzi ku Doha, mfumu ya Qatar, Sheikh Tamim bin Hamad Al Thani, ili pakati pawo, ndipo anthu sanadziwe mpaka chithunzi chitatuluka. Mwina mungafunse kuti bwanji ku Qatar zatheka pomwe a Angola anatopa nazo mpaka kutula pansi udindowo mwezi womwewo. Oyimira pakati amamveredwa akakhala kuti mbali zonse zili ndi chinthu choti zingataye zikamunyoza, ndipo Qatar ili ndi ndalama zambiri zomwe inaika ku Rwanda, pa nkhani ya bwalo la ndege latsopano la Bugesera mwachitsanzo. Chimodzimodzi America, pangano la pa 27 Juni 2025 lomwe nduna zoona za kunja Thérèse Kayikwamba Wagner wa Congo ndi Olivier Nduhungirehe wa Rwanda anasaina ku Washington linabwera nkhani ya miyala ya mtengo wapatali ili m'thumba. Izi ena zimawanyansa, inenso sizimandisangalatsa kuti mtendere wa anthu a ku Kivu, dera lomwe kuli Goma ndi Bukavu, uzidalira mwala wa coltan wokumbidwa ku migodi ya ku Rubaya, koma ndi mmene zilili.

Chomwe ndingakupempheni ndi choti mukamva kuti asaina musamayang'ane chanza, muziyang'ana zinthu zing'onozing'ono zomwe zili mkatimo. Kodi pali amene akapite pamalopo kukaona kuti wayamba kuwombera ndi ndani, ndipo mbali zonse zimulola kudutsa? Popanda ameneyo aliyense amaloza mnzake chala basi pangano latha. Kodi nkhani ya FDLR, gulu lomwe linayambitsidwa ndi ena mwa amene anapha anthu ku Rwanda mu 1994 ndipo Rwanda imalitchula nthawi zonse ngati chifukwa cholowerera nkhani za ku Congo, yaikidwa tsiku ndi munthu woti aigwire? Kodi asilikali a Rwanda, omwe akatswiri a UN mu 2024 anati alipo pakati pa 3,000 ndi 4,000 m'dziko la Congo ngakhale Rwanda imakana, atuluka liti ndipo awawerenga ndani? Komanso musaiwale kuti dzina loti M23 lenilenilo likuchokera pa pangano la pa 23 Malichi 2009 lomwe eni ake amati boma silinakwaniritse, ndiye kuti pangano losainidwa nkusiyidwa mu kabati ndi lomwe limabala gulu lotsatira. Mu 2013 asilikali a Malawi, Tanzania ndi South Africa anathandiza kugonjetsa a M23 kwathunthu, koma nkhani za othawa kwawo, malo ndi unzika zinasiyidwa choncho, ndipo kumapeto kwa 2021 anabwereranso.

Mu imelo yanu munanena kuti achimwene anafika bwino koma salankhula zambiri za kumeneko. Musawakakamize achemwali, mukhale nawo pafupi, ndipo ngati tulo sakupeza kapena akudzidzimuka usiku muwalimbikitse akaonane ndi achipatala. Mundilemberenso mundiuze mmene akupezera.