Mwana wanga wachita chikasu, anamwino akuti ndizimuika padzuwa

Mayi wina wandilembera kuti khanda lake la masiku anayi layamba kuoneka lachikasu m'maso. Atapita nalo kuchipatala chaching'ono, anamwino anangoliyang'ana lili m'nsalu n'kunena kuti, "Zimenezi zimatha zokha, muzimuika padzuwa m'mawa." Mayiyu akufunsa ngati angokhala phee.

Mayi, anamwinowo sananame pa zonse. Pa ana 10 obadwa masiku atakwana, pafupifupi 6 amachita chikasu sabata yoyamba, ndipo obadwa masiku asanakwane ndiye ambiri. Maselo ofiira a magazi akamatha ntchito amatulutsa chinthu chachikasu chotchedwa bilirubin, pomwe chiwindi cha khanda chisanakhwime mokwanira kuchichotsa msanga. Nthawi zambiri chimaoneka tsiku lachiwiri kapena lachitatu, n'kuzimiririka pasanathe masabata awiri.

Pomwe sindikugwirizana nawo ndi pa kuyeza ndi diso. Khungu lathu lakudali limabisa chikasu, ndipo ngakhale namwino wa zaka zambiri pantchito akhoza kuchiona chochepa chili chambiri. Akanayenera kumuvula mwanayo pamalo owala, kukanikiza chala pamphuno kapena pachifuwa n'kuona mtundu wotsalapo, kuyang'ana usinini, zikhatho ndi pansi pa mapazi. Chikasu chimayambira kumutu n'kumatsika. Chikafika ku zikhatho ndi kumapazi, mwanayo ngwofunika kuyezedwa magazi tsiku lomwelo. Ifenso kumudzi timasokoneza: masiku amene chikasu chimafika pachimake ndi omwe mwana amakhala m'chikuta, m'nyumba yamdima, atakulungidwa nsalu zitatu.

Nkhani ya dzuwa ili ndi gwero lake. M'zaka za m'ma 1950, namwino Jean Ward wa pachipatala cha Rochford ku England anazindikira kuti makanda omwe amawatulutsa padzuwa chikasu chawo chimachepa, ndipo kuchokera apo kunabwera magetsi a buluu omwe mumawaona ku wodi ya makanda ya Chatinkha, pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Koma magetsiwo amayaka pa mwana usana ndi usiku, maso atamuphimba. Mphindi zingapo pakhonde sizingafanane nawo, ndipo dzuwa litha kumuwaula kapena kumutha madzi m'thupi.

Bwererani kuchipatala lero lomwe ngati mwana akukana bere, akungogona osadzutsika, watentha thupi, akulira mokuwa kapena akupindikira kumbuyo. Bilirubin ikachulukitsa imalowa mu ubongo, mwana n'kusanduka wosamva kapena wolumala moyo wake wonse. Kumbukiraninso ngati chikasucho chinayamba tsiku lobadwa lomwelo, chifukwa chimenecho si chabwinobwino. Kawirikawiri chimadza magazi a mayi ndi a mwana akasemphana. Chikapitirira masabata awiri, kapena chimbudzi chikamatuluka chotuwa, nachonso n'chothamangira.

Ngakhale zizindikirozi palibe, ine ndikanapitanso mawa n'kupempha mwaulemu kuti, "Anamwino, chonde mumuvule mumuonenso, ndipo ngati pano mulibe choyezera, mutilembere kalata tipite kuchipatala chachikulu." Pakadali pano muyamwitseni kosachepera ka 8 pa usana ndi usiku, mumudzutse akagonereza, ndipo madzi a shuga kapena mankhwala azitsamba asalowe m'kamwa mwake.