Kabokosi ka mabatani ndinakagula, koma dzanja linapitiriza kuwawa

Sabata yathayi mnyamata wina wa ku Mzuzu anandilembera imelo. Amajambula maukwati ndi makwaya, makanema amadula mu pulogalamu ya Premiere Pro, mayina oyenda pa sikirini amapangira mu ina ya After Effects, ndipo akufunsa ngati agule Stream Deck kapena TourBox, timabokosi ta mabatani tolumikiza ku kompyuta, kuti ntchito izifulumira. Achimwene, mwandigunda pachilonda.

Ine chinandikankhira kumeneko ndi dzanja. Nyengo ya maukwati ikafika, Loweruka lililonse ndinkabwera ndi makadi a kamera odzaza, ndipo aliyense amene anakonzapo kanema wa ukwati wakwathu akudziwa kuti pelekani-pelekani yekha amatha maola. Azakhali aliyense akufuna adzaoneke akuponya ndalama, mukamudula mwaputa mlandu. Ndinkakoka mausi usiku wonse mpaka pamkono pankachita dzanzi. Ndiye ndinatuma msuweni wanga wa ku Johannesburg kuti andigulire Stream Deck ya mabatani 15, ija kampani ya Elgato inatulutsa mu 2017, n'kundipatsira pa basi.

Masiku atatu oyamba sindinakonze kanema ngakhale mmodzi. Ndinali kalikiliki kujambula tizithunzi ta pa mabatani, kusankha mitundu, kukonza mafoda mkati mwa mafoda. Mayi a kunyumba anafunsa ngati ndagula choseweretsa cha ana, ndinakwiya, koma mwezi utatha ndinapeza kuti ndikugwiritsa mabatani anayi okha.

Chifukwa chake n'chakuti mabatani a Stream Deck onse ndi ofanana pokhudza, ndiye maso amayenera kutsika kukaona kuti chala chili pati. Pamene pa kiyibodi zala zinaloweza kale. Mu Premiere, J kubwerera, K kuima, L kupita kutsogolo. Q ndi W mu Premiere zimadula mutu kapena mchira wa kilipi n'kutseka mpata nthawi yomweyo. Mu After Effects, P, S, R ndi T zimatsegula malo, kukula, kuzungulira ndi kuonekera kwa leya (chithunzi kapena mawu amene mwasanja pa kanema), U imaonetsa ma keyframe onse (timfundo tosonyeza pamene kusintha kukuyambira ndi kuthera), F9 imafewetsa kayendedwe. Munthu amene sanaloweze zimenezi n'kumafuna kabokosi akungothawa homuweki, ndipo ndinena mosapsatira: kuika chilembo chimodzi pa batani la ndalama zambiri chonchija ndi kuwononga. Ndikuonanso anzathu ena amakayala patebulo kuti kasitomala akalowa aziti apa pali situdiyo yeniyeni. Izo n'zawo.

Pamene kabokosika kanandithandiza zenizeni ndi pa ntchito zamndandanda, zofuna kudina kanayi kasanu motsatizana. Elgato amazitcha Multi Action. Dzina la ankhoswe, la abusa, la wapampando wa komiti, onse amalowa pa sikirini mofanana, ndiye batani limodzi limakopera leya, kutsegula zofunika kusintha, ine n'kungolemba dzina latsopano. Lina limatsegula foda ya ntchito ndi mapulogalamu onse m'mawa. Koma batani limene ndimalikonda kuposa onse ndi lofiira, lapakona, la Ctrl+S, losungira ntchito. Tsiku lina magetsi anazima ndili pakati pa nyimbo ya kwaya ya makamera atatu, ntchito ya madzulo onse inapita. Kuyambira pomwepo chala chimapita chokha pa lofiiralo.

Dzanja lija linapola nditapeza chipangizo china, Contour ShuttlePRO v2 yogwiritsidwa kale ntchito, yokhala ndi gudumu loyendetsera kanema felemu imodziimodzi. TourBox maganizo ake ndi omwewo: mabatani ndi magudumu ake anawumbidwa mosiyanasiyana kuti dzanja lamanzere lizizindikira lokha, maso ali pa sikirini. Chinanso choti muganizire, timabokosi timeneti moyo wake uli mu pulogalamu yake. Loupedeck, kampani ya ku Finland yopanga timabokosi totere, inagulidwa ndi Logitech mu 2023, ndipo kampani ikasintha eni, iwe wogula umangodikira kuona ngati pulogalamuyo azipitiriza kuisamala.

Ndiye mugule chiti?

Musagule kaye. Ikani kope pambali pa kiyibodi kwa sabata imodzi, muzilemba chilichonse chimene mwabwereza koposa kakhumi. Kenako yesani Stream Deck Mobile kapena Touch Portal, mapulogalamu osandutsa foni kukhala kabokosi ka mabatani, kapena AutoHotkey yaulere, yopangira zamndandanda pa kiyibodi, ngati muli pa Windows. Kope likadzaza ndi kudula ndi kufufuza malo mu kanema, tengani TourBox kapena chilichonse cha gudumu. Likadzaza ndi zamndandanda za mu After Effects, Stream Deck. Ngati kompyuta yanu ikadali pa 8 GB ya RAM (memore yogwirira ntchito) ndi hadi disiki yakale yozungulira, ndalamazo zipite kaye ku RAM ndi SSD (disiki yothamanga), chifukwa After Effects imadya RAM ngati dzombe m'munda.