Ndani anakumba Nkhata Bay?

Mayi wina wa ku Chibavi wanditumizira imelo. Akuti mwana wawo wa Fomu 2 wawapanikiza ndi funso: kodi doko la Nkhata Bay anachita kukumba azungu kuti sitima ya Ilala izikocheza bwino? Nanga kamtunda kolowa m'nyanja kaja, kamene kamagawa gombelo pawiri, kanatsala bwanji?

Mayi, mwandikanda pachilonda. Ine ndinafunsa zomwezi ndili ku sekondale, aphunzitsi n'kungoti, "Zimenezo sizibwera pa mayeso." Kalasi yonse inafa nacho chiseko. Teremu yomweyo tinaloweza za ma fjord a ku Norway, zigwa zakuya zomizidwa ndi nyanja, kujambula ndithu m'makope, chonsecho nyanja yathu ili pamphuno pompa, ulendo wa ola limodzi pa minibasi. Mpaka lero zimandiwawa.

Holide iliyonse ndinkatsikira kwa agogo kunyanja. Kuno ku Mzuzu umanyamuka utavala juzi, pofika pa Mpamba wavula, makutu atseka. Mzinda uno uli pamtunda wa mamita oposa 1,200 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, pamene madzi a nyanja yathu ali pa mamita pafupifupi 475. Tsiku lina agogo ananditenga pa bwato. Titangopalasa pang'ono, anamanga mwala ku chingwe n'kuponya. Chingwe chinatha chonse m'manja mwawo, mwala uli lende, osagunda pansi. Iwo anangoti, "Waona?" Kondowole wa tsiku limenelo sanandilowe.

Chimene agogo anandionetsa ndi chigwa chong'ambika chija chotchedwa Rift Valley. Kwa zaka mamiliyoni angapo nthaka ya kuno yakhala ikukokeka mbali ziwiri, pakati n'kumatitimira. Kumpoto kwa Nkhata Bay, cha ku Usisya, mng'alu waukulu uli mbali yathu ino, n'chifukwa chake mapiri amagwera m'madzi mwachindunji ndipo nyanja imazama pafupifupi mamita 700. Taganizani, pansi pake n'potsika kuposa pamwamba pa nyanja ya Indian! Ndipo ntchitoyi sinathe ayi. Zivomezi za ku Salima mu 1989 ndi ku Karonga mu 2009 ndi nthaka yomweyo ikudzinyogola.

Mu 2005 akatswiri anabowola pansi pa nyanja ya Malawi n'kutulutsa matope akale. Anapeza kuti zaka zapakati pa 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunagwa zilala zoopsa, madzi n'kutsika ndi mamita mazanamazana. Ndiye kuti pamene Ilala imaima lero panali pouma gwaa, munthu akanayenda wapansi. Nkhani ngati imeneyi ndi yobisira mwana wa Fomu 2? Ine ndikuti jogalafe yosayambira pakhomo ndi yongotayitsa choko. Mwana akudziwa mitsinje ya ku Ulaya koma mwala umene amayanikapo zovala saudziwa dzina.

Tsono yankho la mwana wanu

Palibe anakumba. Anthu anangomanga pokocheza sitima. Miyala ya kumeneko ndi ya mizeremizere yotchedwa gneiss, yakale zedi kuposa nyanjayo. Pamene inali ndi ming'alu, mvula ndi timitsinje zinakumba zigwa. Madzi atakweranso anamiza zigwazo n'kukhala magombe olowa mkati, msana wolimba wa pakati n'kutsala poyera.

Loweruka likubwerali mukwere naye minibasi, akagwire mwala wa pa gombe la Chikale aone mizere yake yopindikapindika. Juzi musaiwale, pobwerera Mzuzu sachita chibale.